Kulemba mawu ooneka owongoka munthu akaima malo amodzi

Achimwene a ku Nchalo afunsa mmene angalembere dzina la sitolo pakona, kudutsa makoma awiri, koma n'kumaoneka lowongoka munthu akaima pakhomo.

Choyamba sankhani pamene owerenga aziima, muikepo chizindikiro pansi. Pomwepo ikani pulojekita, makina owalitsira zithunzi ndi mawu pakhoma, pamsinkhu wa maso, pafupifupi mamita 1.6. Dikirani kude kaye, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno limameza kuwala kwake, komanso ndani angapirire kutentha kwa Okutobala masana? Walitsani mawuwo pamakoma, mutsatire m'mphepete mwa zilembo ndi choko. Pulojekita isasunthe ngakhale pang'ono, apo ayi muyambiranso. Mawa lake pakani penti.

Mukayandikira, zilembo zina zioneka zopindika, zina zotalika modabwitsa. Musazikonze achimwene, bwererani pachizindikiro paja mukaone.