Kompyuta yakale ikakana kuyaka: poyambira ndi pomwe sipafuna ndalama

Loweruka lina alamu anga anafika pakhomo pa kabaza atafungatira bokosi la kompyuta ngati mwana wodwala. Asanakhale n'komwe pansi anayamba: "Alamu, yafa iyi. Kutauni andiuza kuti motherboard yapsa, ndingogula ina." Inali Dell OptiPlex 7010, imodzi mwa makompyuta aja amabwera kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi akunja. Ndinaitsegula. M'kati munali fumbi lokwana kudzala tomato, ndi nalimata wouma pafupi ndi fani. Ndinazula RAM, imene imasunga zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo, n'kuipukuta ndi labala wa pensulo wa mwana wanga, n'kuibwezera. Inayaka. Motherboard ija, thabwa lalikulu limene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, inalibe mlandu.

Ine sindine injiniya. Ndinaphunzira potsegula makompyuta anga ndi a anansi, ndipo ena ndinawaononga ndisanadziwe bwino. Chimene ndaona n'chakuti pa makompyuta amene anthu amati afa, ambiri vuto lake limakhala la chingwe, fumbi, RAM yosakhala bwino kapena kabatire kakang'ono. Choncho musagule kalikonse musanapeze chimene chavuta.

Musanalowetse dzanja m'bokosimo, zulani chingwe cha magetsi kukhoma. Kenako dinikizani batani loyatsira n'kuligwira masekondi 10 kuti magetsi otsalira m'kati athe. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze china chilichonse, chifukwa thupi limasunga timagetsi tija timakulasani mukamavula juzi nthawi yozizira, ndipo timeneto tingaphe RAM inu osamva kanthu. Jambulani m'katimo ndi foni musanazule waya aliyense. Mudzandithokoza pobwezera. Ndipo kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo, power supply, musakatsegule. Kamasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula chingwe. Kakafa, timangosintha konse.

Tsopano lumikizaninso, yatsani, ndipo mutchere khutu. Kompyuta yodwala imachita chimodzi mwa izi: imangoti zii osaonetsa moyo, kapena mafani amazungulira koma sikirini ili bii, kapena imayaka bwinobwino kenako n'kumazima yokha kapena kumayenda ngati nkhono.

Ikangoti zii, yambirani kukhoma. Lumikizani tchaja cha foni pa soketi yomweyo muone ngati pali moto. Ma extension otchipa amapsa bowo limodzi ena akugwira ntchito. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuzi ikapsa kompyuta imaoneka ngati yafa. Njira yachangu ndi kubwereka chingwe cha magetsi cha sikirini, poti nthawi zambiri n'chofanana, n'kuyesera.

Kenako yang'anani kumbuyo kwa power supply. Pa makompyuta akale ena pamakhala kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Magetsi a ku Malawi ndi a 230 volts. A ku America ndi pafupifupi theka lake, ndiye kompyuta yochokera kumeneko imatha kufika kaswitchi kali pa 115. Mukailumikiza choncho mumamva kuti phaa, kenako fungo la waya wopsa. Ndikunena izi chifukwa ndinachitapo ndekha, pa kompyuta ya mwini, ndipo ndinalipira. Kompyuta iliyonse yachilendo ikalowa m'nyumba mwanga masiku ano, ndimayamba kuizunguliza kumbuyo ndisanaipatse moni.

Ma OptiPlex ambiri ali ndi kabatani ndi kanyali kumbuyo kwa power supply. Mukakadinikiza, kanyali n'kuyaka mobiriwira fani n'kuzungulira, ndiye kuti power supply ili moyo. Pa kompyuta imene ilibe kabataniko koma ili ndi pulagi yaikulu ija ya mabowo 24 yolowa pa motherboard, pali njira ina: zulani pulagiyo pa motherboard, lumikizani bowo la waya wobiriwira ndi la waya wakuda pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala, ndiye mubwezere chingwe kukhoma. Fani ya power supply ikazungulira, mwina vuto lili kwina. Ikapanda kuzungulira, mwapeza wolakwa. Ngati mitundu ya mawaya simukuiona bwino, isiyeni njira imeneyi. Pokagula power supply ina, nyamulani yakaleyo. Makompyuta a m'maofesi ena, monga OptiPlex 7020 ndi 9020, ali ndi pulagi yawoyawo ya mabowo 8, ndipo power supply wamba silowa.

Vuto la alamu anga linali lachiwiri lija: mafani akuzungulira, sikirini ili bii. Apa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa kuti motherboard yapsa.

Yambani ndi chingwe cha sikirini. Ngati ndi cha VGA, chabuluu chija chokhala ndi timasikuluu tiwiri, onani ngati kadzino kena sikanapindike. Ngati kompyuta ili ndi graphics card yapadera, khadi yotumiza zithunzi ku sikirini, chingwe chilowe pa khadiyo, m'munsi, osati pa bowo la motherboard lam'mwamba. Onaninso ngati sikirini yasankha khomo loyenera, chifukwa ina imakhala ikudikira HDMI inu mutalumikiza VGA. Muli ndi TV ya HDMI? Yeserani pamenepo.

Zonsezi zikakhala bwino, pitani pa RAM. Ndi timatabwa titalititali toimirira pafupi ndi fani ya purosesa (kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta), togwidwa ndi timapini kumapeto. Kankhirani timapinito kunja, RAM imadzuka yokha. Igwireni m'mbali, osati pa mano ake agolide. Tengani labala woyera, pukutani manowo pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mpaka awale, n'kuchotsa zinyenyeswa za labala ndi burashi youma. Pobwezera, onani kampata kamene kali pakati pa mano: kayenera kulunjika pa kachotupa ka m'ngalande yake. Dinikizani ndi zala zazikulu mbali zonse mpaka mumve kuti tha, timapini titatsekeka tokha. Oyamba kumene amaopa kudinikiza, RAM n'kungokhala theka, ndiye vuto lomwe lija n'kupitirira.

Ngati muli timatabwa tiwiri kapena tinayi, bwezerani kamodzi kokha n'kuyatsa. Ikakana, yesani kena. Ikakananso, sinthani ngalande. Mukusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi ikayaka simudziwa chimene chachiritsa. Pali kayesedwe kena kamene ndimakakonda: chotsani RAM yonse n'kuyatsa. Kompyuta ikalira kuti pii pii pii, kapena kanyali ka pa batani kakayamba kuphethira, ndiye kuti motherboard ikudziwa kuti RAM palibe, choncho ubongo wake ukugwira. Kulira kumeneku kuli ndi tanthauzo, ndipo kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake. Werengani kuti yalira kangati, lembani, mukafufuze pa intaneti pamodzi ndi dzina la kompyutayo.

Muli m'katimo, yang'anani kabatire kozungulira konyezimira ngati kandalama kachitsulo. Ndi CR2032, ka 3 volts, komwe kaja kamapezeka kwa okonza mawotchi. Kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS (kapulogalamu ka pa motherboard koyambitsa makina) kompyuta ikazima. Kakatha mphamvu, tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo, kompyuta imakuuzani kuti mudinikize F1 nthawi iliyonse, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka ponena kuti kulumikizana si kotetezeka. Munthu amatha kumaliza bandulo akulimbana ndi netiweki, chonsecho vuto ndi wotchi. Makompyuta ena amakaniratu kuyaka chifukwa cha kabatire kameneka. Kasintheni, lowani mu BIOS podinikiza batani poyatsa, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, mukonze tsiku ndi nthawi.

Tsopano ija yoyaka bwino kenako n'kuzima yokha pakatha mphindi 20, makamaka masana a mu Okotobala, fani ikulira ngati chigayo. Imeneyo yatenthedwa. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro, zikapitirira imazima kuti isapse. Pulogalamu yaulere ya HWMonitor imaonetsa kutenthako. Ikamafika m'ma 90 musakuchita chilichonse cholemera, pali vuto.

Fumbi la mu Ogasiti ndi Sepitembala limalowa paliponse, ndipo kompyuta yokhala pansi imalimeza tsiku lonse. Itulutseni panja. Gwiritsani ntchito burashi ya penti yatsopano ndi chopemerera mpweya, ngakhale pampu ya njinga imathandiza. Popemerera, gwirani fani ndi chala isazungulire, chifukwa ikathamanga mopitirira imaonongeka. Musauzire ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Ndapezamo mphemvu, nyerere, ngakhale kanyumba kadothi ka mavu.

Ikapitirirabe kutentha, masulani fani ya purosesa pamodzi ndi chitsulo chake chamizeremizere. Pansi pake mupeza phala lotuwa litauma ngati dothi la m'chilimwe. Ndi thermal paste, imene imadutsitsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita pa chitsulo. Pukutani yakaleyo mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi spiriti, dikirani paume, ikani kadontho katsopano kakukula ngati njere ya nandolo pakati, n'kubwezera chitsulocho. Mangani masikuluu modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono, kuti phala lifalikire lokha. Purosesayo musaizule popanda chifukwa. Timano ta pansi pake, pa motherboard, ndi tosalimba kuposa tsitsi la chimanga. Ndipo amene amakuuzani kuti mankhwala otsukira mano amagwira ntchito yomweyo, muwafunse kompyutayo ikatha sabata.

Kompyuta ya alamu itayaka, panatulukira dandaulo lina. Inkatenga nthawi yoti munthu n'kuika madzi a tiyi pamoto isanafike poti n'kugwiritsa ntchito. Iwo ankati ndi mavairasi. Dinikizani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguke, muone pa Performance. Ngati Disk yakakamira pa 100% purosesa ili phee, wochedwetsa ndi hard disk. M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira ndi kasingano kothamangira uku ndi uku kufunafuna mafayilo. Ikakalamba imayamba kugogoda, tiki tiki. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imakuuzani thanzi lake. Ikalemba Caution mwachikasu, siyani zonse, koperani zithunzi ndi mapepala anu pa flash tsiku lomwelo. Hard disk yodwala siichenjeza kawiri.

Ngati muli ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, gulani SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hard disk. Osati purosesa, osati graphics card. SSD ilibe chozungulira m'kati. Ya SATA, ya mainchesi 2.5, imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi pamene hard disk wamba imangopitirira pang'ono 100, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono timene Windows imatsegula poyaka, kusiyanako n'kwakukulu koposa pamenepo. Imalowa pa zingwe ziwiri zomwezo za hard disk, chaching'ono cha deta ndi chachikulu cha magetsi. Ya 240 kapena 256 GB ndi yokwanira Windows ndi mapulogalamu a tsiku ndi tsiku. Pali ma SSD ena ooneka ngati kachingamu kaatali, a M.2, koma makompyuta a zaka za 7010 alibe polowetsa pake, ndiye musalole kuti akugulitseni imeneyo musanaone motherboard yanu. Poti ndi yopepuka ndipo sigwedera, mukasowa pomangira ingoimangani ndi timalamba tapulasitiki tomangira mawaya.

Poika Windows yatsopano mufunika flash ya 8 GB kapena kuposa. Poyatsa dinikizani F12 pa Dell kapena F9 pa HP kuti musankhe flash. Zulani kaye hard disk yakale mpaka mutamaliza. Mukaisiya, mutha kufufuta diski yolakwika, kapena Windows n'kuika mafayilo ake oyatsira pa yakaleyo, tsiku lomwe idzafe kompyuta n'kukana kuyaka ngakhale SSD ili bwino. Mukamaliza, ibwezereni ikhale nkhokwe ya nyimbo ndi mafilimu, ngati thanzi lake lili bwino.

RAM ibwere pambuyo. Kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB kumamveka, makamaka mukamatsegula masamba ambiri pa Chrome. Onani mtundu pa chomata cha RAM yanu kapena pa pulogalamu ya CPU-Z. DDR3 ili ndi mano 240, DDR4 ili ndi 288, kampata kali malo osiyana, ndipo sizilowana ngakhale mukakamize. Ya laputopu ndi yaifupi, silowa mu kompyuta ya pa tebulo. Windows ya 32-bit siona RAM yopitirira 4 GB, choncho ikani ya 64-bit. Yogula kwa ogulitsa zakale, ndimapempha kuti aiyese ndikuona.

Nkhani ya Windows yomwe ija ili ndi minga. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okotobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kwa Intel, mapurosesa oyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula ochepa chabe. M'badwo mumaudziwa pa nambala: i5-3470 ndi wachitatu, i5-8500 ndi wa 8. Ya alamu ndi ya m'badwo wachitatu, ndiye Windows 11 siiyenera. Pali njira zokakamizira, koma ine pa makina akale ngati amenewa ndimakonda Linux Mint, yolowa m'malo mwa Windows: ndi yaulere, imalandira zokonza, ndipo pulogalamu ya LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Koma ngati pulogalamu imene mumadyera imayenda pa Windows pokha, kapena pulinta yanu ndi yovuta, yesani kaye Mint kuchokera pa flash musanafufute kanthu.

Zonse mwagulazi zitha kupita tsiku limodzi ndi magetsi. Akazima, zulani pulagi kukhoma, chifukwa choopsa ndi nthawi imene akubwerera. Akayaka, dikirani mphindi zingapo akhazikike. M'dzinja mukamva mabingu, zulani zonse, ndi chingwe cha netiweki chomwe ngati chilipo. UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akazima, imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino, koma batire yake imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye muziiyesa pozula pulagi kompyuta ili choyaka mutasunga kale zonse.

Alamu anabwerera pa kabaza yemwe uja Lolemba, ndi SSD ya 240 GB, kabatire katsopano ndi RAM yawo yomwe ija. Ndinawauza kuti bokosilo alichotse pansi aliike pa tebulo, kutali ndi zenera loyang'ana kumsewu. Nditapita kukawaona mwezi wotsatira ndinapeza lili pa tebulo ndithu, koma mlongo wanga atalifunditsa kansalu koluka bwino kotseka mabowo onse a mpweya, pamwamba pake ataikapo maluwa apulasitiki.