Musanasaine pepala lolola kuti awone buku lanu lakuchipatala

Mukasuma kufuna chipukuta misozi mutavulala pa ngozi ya minibasi kapena kabaza, maloya a kampani ya inshulansi adzafuna kuona mbiri ya thanzi lanu, ngakhale ya zaka zam'mbuyo. Akufuna umboni woti ululu mukudandaulawo unalipo ngozi isanachitike.

Choncho uzani loya wanu zonse poyambirira. Ngati msana unkakuvutani kale, nenani. Ngozi ikakulitsa vuto lakale, limenelonso limawerengedwa, koma mukabisa, maloya a inshulansi n'kudzazipeza m'buku lakuchipatala, woweruza amayamba kukayikira ngakhale zoona zanu. Musathothole tsamba lililonse, chonde.

Komabe kusuma sikutanthauza kuti moyo wanu wonse uyalidwe poyera. Mwendo wothyoka sukhudzana ndi padera lomwe munapita kale, kapena ma ARV omwe mumalandira. Ku Malawi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chokhudza HIV. Pepala lachilolezo litchule chipatala, zaka ndi chiwalo chovulalacho; lopanda malire musasaine loya wanu asanaliwerenge.

Chenjeraninso ndi Facebook. Chithunzi mukuvina paukwati mutanena kuti simutha kuyenda bwino, adzachitulutsa kukhoti.