Kukonzekera Kupimidwa kwa Oyendetsa Ndege

Mwafunsa kuti woyendetsa ndege akonzekere bwanji akamapita kukapimidwa kuti apatsidwe chiphaso cha zaumoyo. Choyamba, dziwani gulu lanu: Class 1 ndi ya oyendetsa ndege zamalonda, Class 2 ndi ya oyendetsa ndege osati ngati ntchito yolipidwa. Kenako panganani tsiku ndi dokotala wovomerezedwa ndi bungwe loona za ndege, osati dokotala wamba, chiphaso chakale chisanathe. Cha Class 1 kawirikawiri chimagwira ntchito miyezi 12.

Sonkhanitsani mapepala onse akuchipatala, mayina a mankhwala amene mukumwa, ndi magalasi ngati mumavala. Pamene ena amadzipweteka okha ndi pobisa matenda. Musatero ayi. Matenda ngati BP saletsa kuuluka ngati akuthandizidwa bwino ndi mankhwala ovomerezeka, koma bodza pa fomu likhoza kukulanditsani laisensi.

Mawa likakhala tsikulo, gonani mokwanira, musamwe mowa, ndipo pewani phokoso lalikulu chifukwa limasokoneza zotsatira za kupima makutu. M'mawa mwake khofi musiyeni kaye, amakweza BP. Imwani madzi, poti dokotala adzafuna kupima mkodzo. Adzaonanso maso, ngati mumasiyanitsa mitundu, ndipo nthawi zina mtima pa ECG, makina oona kagundidwe ka mtima.