Kukhala ndi mphamvu m'miyezi ya mdima ku Britain

Ambiri akamanyamuka ulendo wa ku Britain amakonzekera kuzizira: jekete lokhuthala, magolovesi, masokosi. Koma chimene chimafooketsa anthu kwambiri ndi mdima. Ku Malawi dzuwa limakhalapo maola pakati pa 11 ndi 13 chaka chonse. Ku London, pa 21 Disembala limatuluka 8 koloko itangodutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ku Glasgow usana ndi wa maola 7 okha. Masiku ambiri kumakhalanso mitambo, ngati chiperoni cha ku Thyolo chimene chakana kuchoka. Mawotchi akabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, munthu amaweruka kuntchito kutada kale.

Thupi limadziwa kuti kwacha chifukwa cha kuwala kolowa m'maso. Kuwalako kukachepa, ubongo umapitiriza kutulutsa melatonin, amene amabweretsa tulo, ndipo nthawi yogona ndi yodzuka imasokonekera. Munthu amagona maola ambiri koma n'kudzuka ali wotopa, amalakalaka buledi ndi zotsekemera, amanenepa, amapsa mtima pa zazing'ono, foni ya kumudzi ikalira safuna kuyankha. Si ulesi ayi, ndipo si kupukwa kwawo kokha. Zikakula n'kumabwera chaka ndi chaka nyengo yomweyo, madokotala amati ndi SAD, matenda a kukhumudwa obwera ndi nyengo.

Mankhwala oyamba ndi kutuluka panja kukangocha, mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo. Kuwala kwa panja pa tsiku la mitambo kumaposabe kwa magetsi a m'nyumba kangapo konse. Tsikani basi siteji imodzi musanafike, kapena idyani nkhomaliro mutatuluka. Makatani tsekulani mukangodzuka, ndipo mpando umene mumakhalapo nthawi yaitali usunthireni pawindo.

Amene mumagwira shifiti ya usiku m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'zipatala, inu ndiye muli pa chiopsezo chachikulu, chifukwa mlungu wathunthu ungathe musanaone usana. Mukaweruka gonani m'chipinda chotchinga bwino, koma tcherani alamu kuti mudzuke kusanade, cha m'ma 2 koloko, mukayende pang'ono. Khofi musamwe patatsala maola ochepa kuti mukagone.

Nkhani ya vitamini D musaitenge mopepuka. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la ku Britain silikhala ndi mphamvu yoti khungu lipange vitaminiyu, ndipo khungu lakuda ngati lathu limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange wokwanira. N'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain, amalangiza anthu a khungu lakuda kuganizira zomwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Pabotolo pamalembedwa 10µg kapena 400 IU, ndipo amagulitsa motchipa m'mafamase ndi m'masupamaketi popanda kalata ya dokotala. Munthu wamkulu asapitirire mamaikulogalamu 100 patsiku pokhapokha dokotala atanena, chifukwa akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga impso. Kuwothera dzuwa kuseri kwa galasi sikupanga vitamini D. Nsomba zamafuta monga sardines ndi mackerel, komanso chikasu cha dzira, zimathandiza koma pazokha sizikwanira. Vitamini D akasowa, mafupa amawawa ndipo minofu imafooka.

Ena amagula nyale yapadera ya SAD. Sankhani yolembedwa 10,000 lux (muyezo wa kuwala), muziiyatsa m'mawa kwa mphindi pafupifupi 30 ili chapambali pa nkhope, osaiyang'anitsitsa. Mukaiyatsa madzulo mungasowe tulo. Ngati muli ndi vuto la maso, matenda a maganizo a bipolar, kapena mukumwa mankhwala opangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, yambani mwafunsa dokotala.

Musadzitsekere m'chipinda. Kutchalitchi, kumzikiti, kapena kokadya nsima ndi anzanu, pitani ngakhale thupi likukana.

Kukhumudwa kukapitirira milungu iwiri, kapena mukulephera kugwira ntchito, kaonaneni ndi GP wanu, dokotala wa m'dera amene mumalembetsako. Kulembetsa n'kwaulere. Mufotokozereni zonse, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro nazonso zimatopetsa chimodzimodzi, ndipo angakuyezeni magazi. Ku England mungathe kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, kumene amathandiza pa mavuto a maganizo mwa kukambirana. Maganizo ofuna kudzipha akakubwererani, imbani 116 123 kwa a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali m'mavuto a maganizo, kwaulere usana ndi usiku, kapena 999 ngati moyo uli pangozi nthawi yomweyo.