Mbuzi si galu, musaiwete yokha

Dzinja lino ndayenda ku Machinjiri, ku Chirimba mpaka ku Bangwe, ndipo chomwe chandiwawa n'chimodzi: kambuzi kamodzi kuseri kwa nyumba, komangidwa pamtengo wa mango, kakulira mpaka mawu kusasa. Anthu akupita ku Lunzu, kugula kamodzi kokha kuti ana azisewera nako.

Mbuzi ndi nyama ya m'gulu. Ikaona kuti palibe inzake, mtima wake sukhala m'malo, imangoyembekezera chilombo. Ndiye siidya mokwanira, siigona pansi n'kubzikula modekha monga ichitira mbuzi yamtendere. Imangozungulira chikhomo mpaka chingwe kukulunga mwendo kapena khosi, mawa lake chilonda. Kusowa chochita kumaiyambitsanso kutafuna majumbo ndi zovala zapachingwe, ndipo jumbo ikalowa m'mimba siigayika. Mbuzi imangowonda, mwini wake n'kumati ndi njoka za m'mimba.

Apa ndiye ndimatopa napo. Bambo wina wa ku Machinjiri anandiitana kuti mbuzi yake yadwala. Anali ataimwetsa kale mankhwala a njoka kawiri, ndalama zapita, anansi akudandaula kuti sakugona. Nditafika ndinapeza maso ali bwino, ndowe zili bwino, pakhosi pokha ndi pomwe ubweya unali utatha ndi chingwe. Ndinati, “Bambo, pitani mukabwereke ya achimwene anu masiku atatu.” Anandiyang'ana ngati ndapenga. Madzulo ake ziwirizo zinagundana mitu kangapo, ana n'kuyamba kukuwa kuti zikumenyana, pamene zinali kungoonetsana wamkulu ndani. Usiku womwewo kunali zii.

Ena amati galu alipo, ana alipo, yokha bwanji? Ana amapita kusukulu, ndipo kwa mbuzi galu ndi mdani. Chizolowezi chomangirira mbuzi dzinja lonse poopa chimanga cha eni ndikuchimvetsa, koma makolo athu sankamangirira imodzi, zinkakhala poti zikuonana.

Tsono gulani ziwiri. Ngati simukufuna kuswetsa, tengani zazikazi kapena zofula, osati tonde, fungo lake m'tauni muno mudana nalo ndi anansi. Mangani khola la m'mwamba losadontha chifukwa mbuzi imadana ndi mvula, muziipachikira masamba a lukina m'mwamba, ndipo muike chitsa kapena mwala woti izikwerapo. Yaikazi ikamalira n'kumagwedeza mchira masiku 21 aliwonse, ikufuna tonde, musathamangire mankhwala.