Kulumikiza makompyuta a mu ofesi popanda seva

Ofesi ya makompyuta asanu kapena khumi sikufunika kuthamangira kugula seva, kompyuta yapadera yotumikira makompyuta ena onse. Pali njira yotchedwa peer-to-peer, imene kompyuta iliyonse imapereka komanso kulandira: ya wowerengera ndalama imasunga mafayilo, ya mlembi imagwira pulinta, ndipo palibe imene ili bwana wa zinzake.

Yambani ndi mawaya. Gulani switch (kabokosi kolumikiza mawaya a makompyuta onse) ya mabowo ochulukirapo kuposa makompyuta amene muli nawo, kenako kokani waya wa netiweki wa mtundu wa Cat6 kupita pa desiki iliyonse, koma waya umodzi usapitirire mamita 100 chifukwa kupyola pamenepo uthenga umafooka. Kompyuta iliyonse ikhale ndi adiresi yakeyake ya IP (nambala yoizindikirira pa netiweki), monga 192.168.1.10, ndipo yosunga mafayilo ipatsidwe adiresi yosasinthasintha. Pa Windows, makompyuta onse akhale pa dzina limodzi la gulu (workgroup) ndipo netiweki muisankhire Private, apo ayi makompyutawo saonana.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa maakaunti. Popeza seva palibe, kompyuta iliyonse imasunga mndandanda wakewake wa anthu ololedwa, choncho aliyense wofuna kulowa mu foda ya malipiro mumutsegulire akaunti pa kompyuta imene fodayo ili. Ambiri amatopa nazo n'kungopereka chilolezo kwa Everyone (kutanthauza aliyense), kapena kumata kapepala ka mawu achinsinsi kunsi kwa kiyibodi, ndipo pamenepo ngakhale mlendo wongobwereka mpando amatha kuona malipiro a aliyense. Chimenechi ndi chizolowezi choipa ndithu. Wina akasiya ntchito, yendani desiki ndi desiki tsiku lomwelo kufufuta dzina lake. Zimitsaninso SMBv1, njira yakale yogawirana mafayilo imene vairasi ya WannaCry inadzeramo pofalikira mu 2017.

Kumbukirani kuti mwini kompyuta akaizimitsa poweruka, mafayilo ake sapezekanso kwa anzake mpaka ataiyatsa, ndipo ikafa amapita nayo limodzi. N'chifukwa chake muziwakopera pa hard drive yapadera sabata iliyonse. Tsegulaninso Delivery Optimization kuti kompyuta imodzi ikatsitsa zosintha za Windows izigawira zinzake, ndalama za intaneti zisamathere pa chinthu chimodzimodzi.

Njirayi ili ndi malire ake. Windows 10 ndi 11 salola makompyuta oposa 20 kulumikizana ndi kompyuta imodzi nthawi imodzi, ndipo ofesi ikamayandikira chiwerengero chimenecho, yambani kukonzekera seva ya Active Directory kuti maakaunti onse aziyang'aniridwa pamalo amodzi.