Kachasu si mankhwala a tulo

Mwezi uno wa Okutobala ndachititsa misonkhano inayi ya alimi m'midzi ya kuno ku Chipata, yonse yokhudza kukumba maenje obzalamo mbewu mvula isanagwe, ndipo pa msonkhano uliwonse ndaona azibambo akuwodzera pansi pa mtengo wa mango 10 koloko isanakwane n'komwe. Ena ndi anyamata amphamvu zawo, oti akanakhala atamaliza kale mizere ingapo. Poyamba ndinkati ndi dzuwa. Nditayamba kuwatengera pambali mmodzimmodzi, yankho linali lofanana: "Alangizi, tulo sitibwera masiku ano, ndiye ndimayamba ndalawako pang'ono kuti ndigone." Pang'ono pamenepo ndi kabotolo ka kachasu, kapena mowa wotsika mtengo uja wa m'timabotolo ta pulasitiki.

Zakuti tulo tikuvuta sindikutsutsa. Malata amatentha tsiku lonse ndipo amasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Nsikidzi zimaswana msanga kukatentha. Pamwamba pa izi pali maganizo: ndalama za feteleza sizinakwane, ngongole ya thonje idakalipo, ndipo munthu akasuzumira m'nkhokwe sakudziwa ngati chimanga chifika mu Febuluwale. Aliyense angathe kugona akutembenukatembenuka. Chomwe chikundipweteka mtima ndi mankhwala amene tasankha.

Mowa umagonetsadi msanga, ndipo chinyengo chake chagona pomwepo. Munthu amangoti khu pamphasa, mkazi wake n'kumati wagona tulo tofa nato. Koma chiwindi chimakhala chikugwira ntchito yochotsa mowawo m'magazi, ndipo ukamatha, cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, ubongo umene unaponderezedwa uja umadzambatuka. Munthu amadzuka mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu, pakhosi pouma, maganizo onse aja atabwerera ndi anzawo. Mowa umachepetsanso tulo tolota, timene ubongo umafuna kuti ukumbukire bwino zinthu ndiponso kuti mtima ukhale m'malo. Umachititsa impso kutaya madzi ambiri, ndiye ulendo wa kuseri sukutha. Umafooketsa minofu ya pakhosi, mkonono n'kukula, ndipo ena mpweya umadukiza kangapo ali mtulo osadziwa. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Woledzera angathe kukhala pamphasa maola 9 koma n'kudzuka ngati wachezera pamaliro.

Choipitsitsa n'chakuti thupi limazolowera m'masiku ochepa. Kabotolo kamene kankagonetsa sabata yatha, sabata ino sikakukwanira. Tsiku lomwe mulibe ndalama yogulira, tulo sitibwera n'komwe, ndipo mumayamba kukhulupirira kuti popanda mowa simungagone.

Tsopano tiwerengere kumunda. Hekitala imodzi imafuna maenje pafupifupi 15,850, kutanthauza kuti lima imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ndi maenje oyandikira 4,000. Nthaka ya Okutobala ndi youma gwa, ndipo nthawi yokha yoti khasu lokumbira maenje lotchedwa chaka ligwire ntchito ndi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litayamba kuluma. Maola amenewo ndi omwe munthu wa matsire amakhala atafunda kumutu, chifukwa tulo tenitweni tamubwerera tambala atalira kale. Akatuluka, dzuwa lili pamutu, akumba maenje makumi awiri n'kubwerera. Mvula yobzalira ikagwa mu Novembala, anzake akubzala, iye ndi pamene akuyamba kufunafuna ng'ombe zobwereka. Za kuipa kobzala mochedwa sindibwerezanso, takambirana chaka ndi chaka. Onjezanipo ndalama ya kabotolo usiku uliwonse kwa miyezi iwiri, muone ngati siyikanagula mbewu. Onjezanipo munthu wosagona amene akusakaniza mankhwala opopera kudimba osawerenga bwino muyeso, kapena mnyamata amene wakweza mayi ndi mwana pa njinga yamoto mu Great East Road maso akulemera.

Ndikanena zimenezi pamsonkhano, sipalephera wina wodzuka n'kunena kuti makolo athu ankamwa ndipo nkhokwe zinkadzaza. Mawu amenewa atha ntchito, abambo anga. Makolo ankamwa mowa wamasese pa dima, pamaliro, pachinamwali, mowa ukatha n'kudikira wina afulule. Sankasunga kabotolo kumutu kwa mphasa ngati mankhwala a usiku uliwonse. Boma la Zambia linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi ta pulasitiki, mu 2012 chifukwa cha kuwonongeka kwa anthu komweku, koma ife tangosintha chotengera.

Mayi wina wa cha ku Chiparamba anandiimitsa nditakwera kale njinga. "Alangizi, mukalankhule nawo abambo akwathu. Munda wonse ndikukumba ndekha ndi ana." Ndinapita. Mdalayo ndi mlimi wodziwa ntchito, wa mtedza wabwino, ndipo sanabise kanthu. Anati chiyambire nthawi yokolola amadzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi usiku kukataya madzi, ludzu silitha, thupi likuchepa, ndiye anayamba kumwa kachasu kuti mwina agone osamva. Ndinawauza kuti ine ndine wa zaulimi, koma zimene akunenazi n'zofunika kukayezetsa magazi. Anakana kwa milungu iwiri, akuti kuchipatala amapitako ndi odwala. Mkazi wawo atawakakamiza anapita, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga. Miyezi yonseyo kachasu ankangophimba chizindikiro chimene chikanawatengera kuchipatala msanga. Pano ali pa mankhwala, amadzuka kamodzi kokha, ndipo sabata yatha ndinawapeza kumunda dzuwa lisanatuluke.

Amayi ena musamwetulire, inunso muli ndi njira yanu. Ndamva za Piriton amene mukugula pa kantemba n'kumamwa awiriawiri kuti mugone. Amenewo ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine. Amawodzeretsa, inde, koma thupi limawazolowera msanga, m'mawa mutu umakhala wolemera, ndipo kwa okalamba amasokoneza mutu ndi kuvutitsa pokodza. Kuwaphatikiza ndi mowa ndiye koopsa kwambiri. Achinyamata nawo, akadzuka otopa, amathamangira zakumwa zopatsa mphamvu zija, china m'mawa china madzulo. Kafini wa m'menemo, yemwenso ali mu tiyi ndi khofi, pakapita maola pafupifupi 5 theka lake limakhala lidakali m'magazi. Chomwa 4 koloko madzulo chimakhala chikugwirabe ntchito nthawi yogona, ndiye mnyamata akufunanso mowa woti umugonetse. Fodya wosuta ndi nsunko nazonso zimagalamutsa thupi, ngakhale eni ake amati zimawakhazika mtima pansi.

Zochita zake si zachilendo. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mutagona mochedwa, ndipo masana mukafuna kupumula musapitirire theka la ola. Tiyi wamphamvu ndi zakumwa zija zithere pa nkhomaliro. Sambani madzulo, tsegulani mawindo, gonani m'neti. Mphasa, mabulangete ndi matiresi muziyanike padzuwa, ming'alu ya m'zipupa muimate, zovala muzichape ndi madzi otentha chifukwa cha nsikidzi. Foni isalowe m'neti. Nkhani za ngongole ndi feteleza muzikambirana ndi akunyumba kudakali kowala, mugwirizane chochita mawa, osati kuziyamba nyali itazimitsidwa. Tulo tikakana, tulukani mukhale pakhonde mwakachetechete mpaka maso alemere, m'malo molimbana ndi mphasa.

Amene mwamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, moti mukapanda kumwa manja amanjenjemera, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa ena amakomoka ngati akhunyu. Pitani kukiliniki akuthandizeni kusiya bwino. Amene muli pa ma ARV, dziwani kuti ena mwa mankhwalawa amasowetsa tulo kwa anthu ena. Musawasiye, kafunseni ngati mungasinthe n'kumamwa m'mawa. Ndipo ngati tulo tikuvuta masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena mukukodza pafupipafupi usiku, mukubanika mtulo, mukutuluka thukuta usiku ndi chifuwa chosatha, kapena mtima wangoti zii osafunanso chilichonse, musadikire kuti mvula igwe. Yambirani kukiliniki ya kwanu, iwo akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Chipata Central Hospital.